Nkhope ya Mkazi wa ku Joni

"Kodi amake mwana, bambo aja ku Joni akugwiradi ntchito, kapena akungoyang'ana misewu?"

Anandifunsa choncho aneba anga, mayi wogulitsa mipango pa msika wa Nsanama, tsiku lina m'mawa ndikuchapa matewera kuseri kwa nyumba. Ndinayankha kuti akugwira, ali pa galaja, ndipo mwezi wathawo anali atatumiza bulangete ndi foni.

"Bulangete!" Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Bulangete amaliona ndani? Mumafunda pa msika? Walahi, nkhope yanuyi ikadali yomwe anaisiya. Anthu akuyankhulatu."

Ine sindinkadziwa kuti anthu akuyankhula. Kwathu kuno amuna ambiri ali ku Joni, ndipo akazi awofe timadziwana. Pali lamulo limene palibe analilemba koma aliyense amalitsata, loti mwamuna akamatumiza, mkazi amayera. Malata a nyumba akhoza kunama, mwina anagula ndi malume. Koma nkhope ndi kalata imene aliyense amatha kuwerenga, ngakhale amene sanaponde kusukulu. Pa ukwati akazi a ku Joni amakhala benchi imodzi, ndipo amasanjana ngati tomato wa pa msika, wooneka bwino pamwamba, wobiriwira pansi. Ine ndinali wa pansi, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti ndasanjidwa.

Ndine wakuda ngati mayi anga, amene makolo awo anachokera tsidya la Nayuchi. Sukulu ndinalekeza sitandade seveni. Ndinkakazinga mandasi pa msika, pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo nkhope yanga inali isanandivutepo. Ndinkaisambitsa m'mawa, n'kuiiwala mpaka mawa.

Tsiku lotsatira masana aneba anabwera pa khonde ndi timachubu titatu, tating'ono ngati chala, ndi botolo la mafuta odzola. Anapempha supuni. Ndinawapatsa yabwino ija, imodzi mwa zisanu ndi imodzi zimene ndinalandira pa chinkhoswe changa. Anafinyira timachubu tonse m'botolo, n'kutakasa ndi chigwiriro cha supuni, nkhope ili phee ngati munthu wodziwa ntchito yake.

"M'mawa ndi madzulo. Osaphonya, ngati mapiritsi olera."

M'kabokosi ka timachubuto munali kapepala. Ndinayesa kuwerenga, koma zilembo zake zinali ngati nyerere, ndiponso Chingerezi chake sichinali cha sitandade seveni. Aneba anakatenga n'kupukutira supuni.

Ndisaname, zinagwira. Patatha masabata atatu amayi a kutchalitchi anayamba kundigwira dzanja nthawi yaitali. "Eee, koma bambo aja akusamalatu!" Kondakitala wa minibasi amene kale ankandiitana kuti "mayi a mandasi" anayamba kunena kuti "madamu". Khosi ndi manja zinatsalira kumbuyo, moti ndinkaoneka ngati anthu awiri olumikizidwa pa chibwano, koma zimenezo mpango unkakonza. Ndinajambulitsa n'kutumiza chithunzi ku Joni. Amuna anga anayankha tsiku lomwelo kuti anzawo onse achiona, ndipo akuti iwo ndi mwamuna weniweni. Apongozi anga, mayi awo a amuna angawo, anachoka ku Phalula kudzandiona. Anandizungulira kawiri, n'kunena kuti, "Mwana wanga ndinamulera bwino." Aliyense anatamandidwa kupatula kachubu.

Pa ukwati wina wa ku Nsamala anandisunthira malo pa benchi ija, wachitatu kuchokera kutsogolo. Ndinakhala mowongoka tsiku lonse mpaka msana unawawa.

Chaka chitatha, masaya anayamba kuwotcha. Ndikaweramira pa chiwaya cha mandasi ndinkamva ngati wina wandipaka tsabola. Kenako kunatuluka timatuza ting'onoting'ono, kuzungulira mphuno ndi pakamwa, tina tokhala ndi mafinya. Khungu linapyapyala n'kumanyezimira ngati pepala la shuga, ndipo pa kalilole ndinkatha kuona timitsempha tofiira pansi pake. Ndinachita zimene munthu wanzeru aliyense wa pa benchi ija akanachita. Ndinawonjezera kachubu kachinayi.

Nthawi ya dzinja katundu anasowa pa msika, botolo langa n'kutha. Tsiku lachitatu ndinadzuka nkhope itatupa, yotentha, yoyabwa, maso atachepa. Aneba atandiona anaomba m'manja.

"Mwaona? Mwasiya mankhwala! Magazi anu ndi oipa, amake mwana. Kachubu kaja ndi kamene kamakugwirirani."

Anandipezera kamodzi kwa mnzawo. Ndinapaka. Masiku awiri okha, nkhope inaphwa, kuyabwa kunaleka. Ndinakathokoza kachubu kaja ndi mtima wonse, ngati munthu wothokoza wakuba chifukwa wamubwezera thumba lopanda kanthu.

Madokotala ndinali nawo ambiri, ndipo onse anali aulere. Mayi anga anati ndi mazira, ndinasiya mazira. Amayi a kutchalitchi anati pali wina wanjiru amene watapa dothi la phazi langa, anandipempherera. Bambo wina wogulitsa mizu pa msika anandipatsa khungwa loti ndinyike, ndinanyika. Ena anati mandimu, ena phulusa, ena mankhwala otsukira mano. Onse ndinawayesa, chifukwa ine ndi munthu woleza mtima, sindikana malangizo ndisanawalawe. Apongozi anga okha ndi amene sanapereke mankhwala. Anangondifunsa chapansipansi, akuyang'ana nkhuku, kuti, "Apongozi, kodi mukuyenda bwino m'mudzi muno?" Pamene nkhope inkawala, inali ntchito ya mwana wawo. Itayamba kutupa inasanduka mlandu wanga.

Chimene ndinachiona mochedwa n'choti amayi onse a pa benchi amene ankandilangiza anali ndi masaya ofanana ndi anga. Kusiyana kwake kunali kuchuluka kwa paudala.

Pa msika anthu anayamba kuyang'ana nkhope yanga, kenako mandasi, kenako n'kupita kwa mnzanga wa pafupi. Zimenezo ndinapirira. Koma tsiku lina ndikuyamwitsa, mwana wanga wamkazi anandigwira tsaya ndi kachala kake, monga amachitira ana. Ululu wake unandifika mpaka m'mano, ndipo ndinamumenya kadzanja ndisanaganize. Anasiya bere n'kundiyang'ana. Sanalire n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ankayamwa manja atabisa.

Ku sikelo mwezi umenewo, anamwino anamuyeza mwana maso ali pa ine. Anandiuza kuti ku chipatala chachikulu kuli tsiku loona za khungu, ndipite, ndipo nditenge chilichonse chimene ndimadzola.

Ndinakwera minibasi ya ku Liwonde ndi jumbo yodzaza. Pa mzere ndinapeza amayi angapo ataphimba masaya ndi chitenje ngati kukuzizira. Tinapatsana moni. Wina anati iye ndi mazira. Wina anati ndi madzi a pa mjigo watsopano. Jumbo ya aliyense inkalira timachubu akaisuntha.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Anakhuthula jumbo yanga pa tebulo, n'kupatula khungwa uko, mandimu uko, timachubu pakati.

"Mwadzola nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka ndi theka."

"Awa si mafuta, mayi. Ndi mankhwala, amphamvu kwambiri, amatchedwa siteroidi. Timapatsa munthu wa nthenda yoyabwa pa mkono kapena pa mwendo, masiku owerengeka, kenako asiye. Inu mwadyetsa nkhope kawiri pa tsiku ngati mwana."

Analemba dzina la nthendayo m'buku langa la kuchipatala, ndipo analembanso dzina la mankhwala a m'kachubu, n'kulizunguliza ndi cholembera kawiri.

"Khungu lanu lasanduka chidakwa. Mukalimana, likuwa. Mukalipatsa, likhala chete masiku awiri, kenako lifuna wambiri."

"Ndiye mundipatse ena oposa amenewa."

"Iyayi. Mankhwala aakulu pano ndi kusiya."

Ndinaona ngati ndawononga thiransipoti. Kuchoka ku Nsanama kudzauzidwa kuti ndisachite kanthu! Koma sanathere pomwepo. Anandifunsa ngati ndili ndi pakati kapena ndikuyamwitsa, chifukwa mapiritsi ena a nthendayi sayenera mayi wotero. Atamva kuti ndikuyamwitsa anandilembera ena, oti ndimwe masabata angapo osadumphitsa, ndi kamafuta kena kopaka kopanda siteroidi. Anati ndizisamba kumaso ndi madzi ozizira, sopo wopanda fungo, ndi manja okha, osakhula ndi chinkhupule. Ndizivala chipewa pa dzuwa. Tsabola ndisiye, tiyi ndizimwa atapola, ndipo moto ndiutalikire.

"Ine ndimakazinga mandasi, adokotala."

"Munkakazinga. Tsono mverani bwino apa. Zinthu ziyamba zaipiratu musanaone kusintha. Masabata awiri, atatu, mwina kupitirira. Mudzanditukwana. Tukwanani, ine sindidzamva, ndili kutali. Koma kachubu musakakhudze."

Ndinafika tsiku lachisanu ndi chinayi osapaka. Nkhope inali ngati mbatata yowotcha, kunja kukusupuka, mkati moto. Aneba anasuzumira pa mpanda n'kugwira pakamwa.

"Achipatala akuphani! Munapita ndi timatuza, mwabwera ndi zilonda. Inuyo maso mulibe? Chimene chimakuchizani mukuchidziwa."

Zimene ankanena zinkaoneka zoona. Vuto la kachubu ndi limenelo, umboni wonse umakhala kumbali yake. M'mawa umenewo ndinapaka pang'ono, pa tsaya limodzi lokha, kungoyesa. Madzulo ndinapaka lachiwiri kuti asasiyane. Masiku awiri ndinali munthu. Sabata isanathe zonse zinabwerera, ndipo zinabwera ndi abale awo, mpaka pa chipumi.

Ndinabwerera ku chipatala mutu uli pansi. Adokotala sanakalipe. Anangoti, "Ambiri amagwa kamodzi. Tiyambirenso kuwerenga." Nditafika kunyumba ndinataya zotsala, ndinatsuka botolo lija ndi madzi otentha, n'kuyamba kuponyamo njere imodzi ya chimanga m'mawa uliwonse umene ndadzuka osapaka. Mandasi ndinasiya. Malo anga pa msika anakhalapo mayi wina wa zitumbuwa, ndipo palibe anachita kumuitana.

M'botolo muli njere khumi ndi ziwiri, foni inalira. Amuna anga akubwera, patatha zaka zitatu. Mchemwali wawo wamng'ono akukwatiwa ku Phalula, ndipo iwo afika kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike. Ndinawerenga pa zala. Adzandipeza pa njere makumi awiri, nthawi yeniyeni imene adokotala anati ndidzakhala ndikutukwana.

Apongozi anafika msanga kudzatenga miphika. Atandiona anakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Apongozi, tamverani. Pakani masiku awiri okha. Ukwati ukatha mubwerere ku zachipatala zanuzo, palibe adzakuletseni."

"Ndikapaka ndiye kuti ndayambiranso, amayi. Ndinayesa kale."

"Nanga anthu adzati chiyani? Adzati mwana wanga zaka zitatu ku Joni ankakatani?"

"Ankakonza magalimoto."

"Magalimotowo adzabwera ku ukwati kudzamuchitira umboni?"

Ndinawathandiza kumanga miphika.

Amuna anga anatsika pa Nsanama ndi zikwama zitatu zazikulu za mizeremizere. Ananenepa, ndipo anavala jekete ngakhale kunali dzuwa. Ndinawachingamira nditavala chipewa cha mlaza, chija amavala olima mpunga. Anayamba ayang'ana kumbuyo kwanga, kufuna mkazi wa pa chithunzi.

"Amake mwana, mwatani?"

"Tikafike kaye."

Kunyumba anatsegula zikwama anthu ataunjikana pa khonde. Nsapato za mwana, zazikulu ndi zaka ziwiri. Mapoto. Wailesi. Nsalu ya mayi anga. Kenako anatulutsa katoni yomata bwino n'kuiika pa miyendo panga, akumwetulira ngati munthu amene wasunga nyama yabwino pomaliza.

"Anzanga onse agulira akazi awo. Awa ndi enieni, osati zotsalira za pa Nsanama. Mukangopaka awa, zonsezi zitha."

Munali timachubu khumi ndi tiwiri. Aneba, amene anali atafika kale kudzalonjera zikwama, anapuma mokweza.

Anthu atabalalika ndinatenga buku langa la kuchipatala ndi kabokosi kamodzi, n'kuziika pamodzi pa mphasa. Bokosi linali lokongola kuposa a pa msika, la golide, lokhala ndi mkazi woseka. Ndinafufuza ndi chala mpaka pansi, pa zilembo za nyerere, n'kuyerekeza chilembo ndi chilembo ndi dzina lija adokotala analizunguliza. Sitandade seveni yanga inakwanira. Linali lomwelo.

"Bambo ake mwana, nkhopeyi mwaiona? Ndi ntchito ya katundu ameneyu."

"Koma pa chithunzi paja munkaoneka bwino."

"Chithunzi sichimva kuwotcha."

"Masiku awiri okha. Amayi andiuza kuti zimaphwa msanga. Ine ndakhala ndikuonetsa anthu chithunzi chija chaka chonse, ndiye Loweruka ndikaonetse chiyani?"

Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pa tsaya langa, ngakhale kuti linkawawa. Analichotsa msanga ngati akhudza simbi.

"Kukutentha chonchi?"

"Usana ndi usiku. Mwana wanuyu amaopa kundigwira. Ngati mukufuna kuti pakhale woyera pa ukwati, timachubu tilipo khumi ndi tiwiri, yambani inuyo lero."

Sanaseke. Sanakakamizenso. Anangoti, "Zanu izo," n'kutuluka kukaonetsa anthu jekete.

Loweruka m'mawa, tili ku Phalula, ndinaponya njere ya makumi awiri ndi zitatu, chifukwa botolo ndinapita nalo. Ndinavala nsalu ya ukwati yofanana ndi ya abale onse, pamwamba pake chipewa cha mlaza. Pa benchi ya akazi a ku Joni palibe anasuntha. Malo anga achitatu anali atakhalapo mtsikana wina amene mwamuna wake anali atangopita miyezi inayi yapitayo, nkhope ili mbee, khosi lili bii.

Apongozi anandipezera ntchito. Anandituma kukatsuka mbale kuseri, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi msewu ndi alendo. Ankaganiza kuti akundibisa. Koma kumeneko kunali mthunzi, madzi ozizira, kutali ndi moto, zonse zimene adokotala analamula. Sindinakhalepo bwino chonchija pa ukwati uliwonse. Nthawi yojambula itakwana anandiitana, ndinapukuta manja, n'kupita. Anandipatsa zikwama za anthu kuti ndigwire, n'kundiimika kumbuyo kwa wojambula.

Chakumasana dzuwa linagwira ntchito yake. Paudala wa pa benchi anayamba kusungunuka ndi thukuta, ndipo amayi aja ankabwera mmodzimmodzi kuseri kudzasamba m'manja. Ndinaona zonse zimene zinali pansi pa paudala. Woyamba pa benchi, amene mwamuna wake anamanga nyumba ya mawindo agalasi, anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Kenako anafunsa, osandiyang'ana:

"Achemwali, tsiku la khungu lija ndi liti?"

Ndinamuuza. Ndinamuuzanso kuti atenge jumbo.

Titabwerera ku Nsanama ndinapeza katoni yapepuka. Apongozi anali atauza amuna anga kuti awatengeremo tinayi, n'kupatsa mkwatibwi ngati mphatso ya mchimwene wake, popeza nayenso mwamuna wake anali ndi pasipoti m'thumba. Ndinamuimbira foni mlamu wangayo, ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa supuni. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo alamu, koma inu paja ndi magazi." Tisanu ndi titatu totsalato ndinaponya m'chimbudzi, kamodzikamodzi. Aneba atamva anabwera mpango uli m'manja.

"Katundu wa ku Joni m'chimbudzi! Mukanandipatsa ine! Anthu akusowa!"

"N'chifukwa chake ndataya."

Kuyambira pamenepo moni wathu ndi wa mutu wokha.

Botolo linadzaza mpaka pakhosi. Kuwotcha kunayamba kuleka cha pa njere makumi anayi, timatuza tinauma pang'onopang'ono, ndipo mapiritsi ndinamaliza onse monga anandiuzira. Mtundu wanga unabwerera wokha, osaitanidwa. Tsiku lina mwana anandigwira tsaya akuyamwa, ndipo tonse awiri tinadikira kuti tione chichitike n'chiyani. Palibe chinachitika. Anapitiriza kuyamwa, kadzanja kali pomwepo.

Amuna anga anabwerera ku Joni. Masiku ano amatumiza sopo wopanda fungo, ndipo chithunzi sapempha. Ine ndimagulitsa nyemba ndi anyezi pa mthunzi, chipewa chili kumutu, chifukwa ndikakhala pa moto nthawi yaitali masaya amandikumbutsa. Kondakitala uja anabwerera ku "mayi".

Zimene zinatayika ndi izi. Zaka ziwiri. Malo anga a mandasi pafupi ndi maminibasi. Khungu losalala la m'masaya, momwe mwatsala zigamba ziwiri zakuda ndi timitsempha timene adokotala akuti mwina sitidzachoka. Tsabola. Nkhope yanga pa chithunzi cha ukwati chimene chapachikidwa ku Phalula. Miyezi inayi imene mwana wanga ankayamwa manja atabisa. Moni wa aneba. Ndi supuni imodzi yabwino, imene anebawo sanandibwezere mpaka lero.